Sewero Lopanda Pepala

1. Werengani

Ana ali pabwalo.
Ana akucita sewero.
Alibe buku. Alibe pepala.
Mawu akucokera m'mutu.

Uyu akuseka.
Uyu akulira.
Uyu wakwiya.
Uyu akuopa.
Uyu wadabwa.
Uyu wacita manyazi.

Kodi wolirayo wamenyedwa?
Ayi, sanamenyedwe.
Kodi wokwiyayo walakwiridwa?
Ayi, sanalakwiridwe.
Ndi sewero cabe.
Sewero latha. Onse akuseka pamodzi.

2. Mverani
(Aphunzitsi kapena makolo awerengere ana)

Masewero alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi sewero lolembedwa. Munthu wina amalemba mawu onse papepala. Ocita sewero amaloweza mawuwo pamtima. Tsiku la sewero amanena mawu omwewo, osawonjezera, osacotsera.

Mtundu waciwiri ndi sewero lopanda pepala. Ocita sewero amangogwirizana mutu wa nkhani. Mmodzi amati: "Iwe ukhala mayi, iwe ukhala mwana. Nkhani yake ndi ya mtsuko wosweka." Basi, sewero layamba. Mawu amawapeza pomwepo. Wina akalankhula, mnzake amayankha zimene zamubwerera m'mutu. Palibe amene amadziwiratu kumene nkhani ikathere.

Ana a ku Lifidzi amalidziwa kale sewero lotere. Anthu akamaliza kukolola cimanga, ana amacita masanje. Amamanga tinyumba ta mapesi. Wina amakhala bambo, wina mayi, wina agogo, wina khanda. Palibe amene amawalembera mawu. Koma mayi wa kumasanje amakalipa ngati mayi weniweni, ndipo khanda la kumasanje limalira mpaka lipatsidwe cakudya.

Wocita sewero ali ndi nchito yaikulu imodzi. Nchitoyo ndi kuonetsa zimene zili mumtima mwa munthu amene akumuyerekeza. Mtima wa munthu umamva zambiri. Umamva cimwemwe, cisoni, mkwiyo ndi mantha. Umamva manyazi, nsanje, cifundo ndi nkhawa. Umanyada, umadabwa, umakayika, umapukwa. Wodziwa sewero angathe kuonetsa zonsezi, cimodzi pambuyo pa cinzake, madzi a nsima asanawire n'komwe.

3. Zida zinayi za wocita sewero

Mlimi ali ndi khasu. Mmisiri ali ndi sompho. Wocita sewero ali ndi zida zinayi, ndipo sagula ngakhale cimodzi. Zidazo ndi nkhope, mawu, thupi ndi khutu.

Cida coyamba ndi nkhope.

Wokondwa maso ake amawala, masaya amakwera, mano ali pamtunda.
Wacisoni nkhope yake imagwa, maso ali pansi, dzanja lili patsaya.
Wokwiya amacita tsinya, maso ali psuu.
Wamantha maso ali tong'o, milomo ili njenjenje.
Wodabwa nsidze zake zimakwera, kukamwa kuli yasa.
Wonyansidwa amakwinya mphuno, ngati wanunkhiza dzira lowola.
Wamanyazi ali zyoli, akulemba pansi ndi cala ca kuphazi.

Cida caciwiri ndi mawu. Liwu limodzi lingathe kunyamula katundu wosiyanasiyana. Taganizani za liwu lakuti "Amayi".

Mwana waona amayi ake akubwera kucokera kumsika wa ku Ulongwe, dengu lili pamutu. Akufuula kuti, "Amayi!" Ici ndi cimwemwe.
Mwana waona njoka pakhomo la nkhokwe. Akukuwa kuti, "Amayiii!" Awa ndi mantha.
Mwana waswa mtsuko. Akunena motsitsa kuti, "Amayi..." Awa ndi manyazi.
Mwana wamva mapazi kunja kuli mdima. Akunong'ona kuti, "Amayi?" Uku ndi kukayika.

Liwu ndi limodzi, koma zamumtima ndi zinayi.

Cida cacitatu ndi thupi. Wokondwa amayenda modumphadumpha. Wacisoni amakoka mapazi, mapewa ali ogwa. Wonyada amatukula cifuwa, ngati mwamuna wovina ngoma ya Angoni, cishango cili m'manja. Wamantha amanyang'ama, akuceukaceuka. Munthu ali patali, nkhope yake sikuoneka, koma mayendedwe ake anena kale zambiri.

Cida cacinayi ndi khutu. Ici ndico cimaposa zonse. M'sewero lopanda pepala, wosamvera mnzake amasocera. Wina akakuwa kuti, "Njoka iyo!" mnzake asanene kuti, "Palibe njoka apa." Akatero, sewero lafa. Koma alumphe, nanene kuti, "Mayo! Yalowa m'dengu la nyemba!" Pamenepo nkhani yakula. Lamulo lake ndi ili: landira zimene mnzako wakupatsa, nuwonjezepo zako.

4. Zazing'ono ndi zazikulu

Zamumtima zili ngati moto. Pali khala, pali moto wophikira, pali moto wolusa wa kuthengo.

Mkwiyo waung'ono ndi kunyinyirika. Ukakula, munthu amakalipa. Ukakulitsa, munthu amapsa mtima mpaka kulephera kulankhula. Mantha aang'ono ndi nthumanzi. Akakula, munthu amanjenjemera. Akakulitsa, munthu amangoti kakasi, miyendo osayenda. Wocita sewero wanzeru sayamba ndi moto wolusa. Amayamba ndi khala, nakoleza pang'onopang'ono.

Nthawi zina mtima umamva ziwiri nthawi imodzi. Mwana wopita kusukulu tsiku loyamba amakondwa, komanso amaopa. Mayi amene mwana wake akukwatiwa amaimba nthungululu, misozi ili m'masaya. Bambo amene wagwa panjinga pakati pa msika amaseka, koma bondo likuwawa ndipo manyazi amugwira. Kuonetsa ziwiri pamodzi n'kovuta. Wocita sewero akakwanitsa, oonerera amati, "Eya, ndi momwedi zimakhalira."

5. Citsanzo: Mbuzi yasowa

Ana asanu ndi mmodzi angathe kucita sewero ili. Wina ndi mnyamata woweta mbuzi. Wina ndi mlongo wake wamkulu. Wina ndi bambo. Wina ndi agogo aakazi. Wina ndi mwini dimba. Wotsiriza ndi mbuzi. Agwirizana cinthu cimodzi cokha: mbuzi yasowa. Sewero lingathe kuyenda motere.

Mnyamata ali kudambo. Akuumba ng'ombe yadothi, akuimba mluzu.

Mnyamata: Onani ng'ombe yanga! Nyanga zake! Kucokera kuno mpaka kuphiri la Domwe kulibe ina yoiposa!

Dzuwa lapendeka. Mnyamata akuwerenga mbuzi.

Mnyamata: Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu... A-a! Yamawanga ija ili kuti? Imodzi, ziwiri, zitatu... Mayo ine, ndikanena ciani kunyumba?

Akupita kunyumba akukoka mapazi. Bambo aima pakhola.

Bambo: Iwe, tabwera kuno.
Mnyamata: Wawa, bambo.
Bambo: Mbuzi zisanu. Ina ili kuti?
Mnyamata: Kaya... mwina acemwali sadatseke bwino khola dzulo.
Mlongo: Ine? Iwe, usandinamizire! Mamawa watuluka nazo zisanu ndi imodzi, ine ndikuona ndi maso angawa!
Bambo: Wataya mbuzi, ndipo ukuwonjeza bodza?

Mnyamata wangoti zyoli. Panja pamveka mawu aukali.

Mwini dimba: Odi kuno! Odi! Mbuzi iyi ndi ya yani? Kabici wanga yense yamaliza!
Bambo: Lowani, acimwene. Khalani pansi. Pepani ndithu, mbuziyo ndi ya pakhomo pano.

Apa mwana amene ali mbuzi waganiza zake. Palibe amene wamuuza. Wayamba kutsimphina ndi kulira motsitsa kuti, "Meee." Agogo amva, ndipo alandira.

Agogo: Kalanga ine, mwendo wake! Yatani mbuziyi?
Mwini dimba: Mwina... mwina ndi mwala uja. Ndinaponya ndili wopsa mtima. Sindinafune kuipweteka, amayi.

Tsopano manyazi asamuka. Acoka kwa mnyamata, apita kwa mwini dimba. Mnyamata wagwada, akusisita mbuzi, misozi ili m'maso.

Mnyamata: Bambo, wolakwa ndine. Ndinatanganidwa ndi ng'ombe zadothi. Acemwali, pepani, ndinakunamizirani.
Mlongo: Zatha. Koma usadzabwerezenso.
Agogo: Bwera kuno, mdzukulu wanga. Wanena zoona, wacita bwino. Mawa ukathandize kubzala kabici wina kudimba. Ndipo inu, bambo, mutithandize kumanga mwendo wa mbuziyi.
Mwini dimba: Ndamva, amayi. Zikomo.

Mbuzi yaona cipewa ca mwini dimba cili pansi. Yayamba kucitafuna. Onse aphulika kuseka. Sewero latha.

Ana ena akacita sewero lomweli mawa, lidzayenda njira ina. Mwina mbuzi idzapezeka itabereka. Mwina fisi adzalowa m'nkhani. Ndico cikoma ca sewero lopanda pepala.

6. Yankhani mafunso

1. Kodi sewero lopanda pepala limasiyana bwanji ndi sewero lolembedwa?
2. Zida zinayi za wocita sewero ndi ziti?
3. Mnyamata ankamva ciani poumba ng'ombe yadothi?
4. Nanga ankamva ciani powerenga mbuzi kaciwiri?
5. Cifukwa ciani mlongo wake adakwiya?
6. Ndi anthu angati amene adacita manyazi m'seweroli?
7. Ndani adasintha nkhani osalankhula liwu la munthu ngakhale limodzi?
8. Mtima wa mnyamata udakhala pansi nthawi iti?

7. Akatswiri apafupi
(Makolo awerenge, kenako afotokozere ana)

Katswiri woyamba ali m'nyumba momwemo. Ndi agogo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa ku Angónia kumasonkhanitsa banja pamoto. Agogo amati, "Padangokhala," ana nayankha kuti, "Tili tonse." Agogo alibe buku. Koma pakamwa pawo pamatuluka Kalulu wocenjera, Fisi wadyera ndi Mkango waukali. Mawu a Kalulu ndi aang'ono ndi ofulumira. Mawu a Fisi ndi a m'mphuno. Mawu a Mkango amacokera pansi pa mimba. Agogo amayang'ananso nkhope za adzukulu. Akaona wina akusinza, amakweza mawu. Akaona wamng'ono waopa kwambiri, amalowetsa coseketsa. N'cifukwa cake nthano imodzi siikambidwa mofanana kawiri.

M'midzi yambiri ya Acewa ku Mozambiki, ku Malawi ndi ku Zambia muli gule wamkulu. Za kudambwe ndi za akulu, ndipo ana asayerekeze gule m'masewero awo. Koma zimene aliyense amaona pabwalo zili ndi phunziro. Nkhope ya gule siisintha. Siimwetulira, siicita tsinya. Komabe oonerera amaseka, amaopa, amamva cifundo. Cadzunda, wa nkhope ya nkhalamba, amalowa m'bwalo motsimphina ngati wofooka. Akayamba kuvina ndi Maliya, mphamvu zimabwerera. Nkhope ndi yomweyo, koma mapewa, ciuno ndi mapazi zanena nkhani yonse. Gule amamveranso ng'oma ndi nyimbo za amayi, nayankha ndi thupi. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti gule wamkulu ndi cuma ca cikhalidwe ca anthu a dziko lonse. Timbila ya Acopi a ku Inhambane idalandira ulemu womwewo caka comweco.

Gule amaonetsa mphamvu ya thupi. Wayilesi imaonetsa mphamvu ya mawu. Kwa zaka zambiri wayilesi ya MBC ya ku Malawi inkaulutsa sewero la Kapalepale, limene mtsogoleri wake adali Smart Likhaya Mbewe. Omvera sankaona nkhope ya munthu aliyense. Koma ankadziwa kuti uyu wakwiya, uyu akunama, uyu wagwidwa ndi manyazi. Zonse ankazimva m'mawu.

Ku Malawi komweko kudali amuna awiri oseketsa, Izeki ndi Jakobo, a gulu la Kwathu. Izeki dzina lake lenileni adali John Nyanga, ndipo adamwalira mu 2016. Jakobo adali Eric Mabedi, ndipo adamwalira mu 2021. Mphamvu yawo idali pa kumverana. Wina akaponya liwu, mnzake ankaliwakha nalibweza msanga. Ankakangana, kunyengana, kudandaula ndi kugwirizananso, anthu akugwa ndi phwete.

Sewero lopanda pepala silongoseketsa. M'zaka za m'ma 1980 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College, ku Zomba, ankapita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde. Ankayamba amvera mavuto a anthu, monga a zitsime, zimbudzi ndi matenda. Kenako ankapanga sewero m'Cicewa. Pakati pa sewero ankatembenukira kwa oonerera n'kufunsa maganizo awo. Anthu ankayankha, kutsutsana ndi kupangana zocita. Nkhani yovuta kuinena pamsonkhano inkaneneka mosavuta m'sewero.

8. Akatswiri akutali

Ku Brazil kudali munthu wa masewero dzina lake Augusto Boal. Adabadwa mu 1931, namwalira mu 2009. Iye adaphunzitsa njira imene woonerera amaimitsa sewero, nalowa m'bwalo, natenga malo a munthu wovutikayo kuti ayese njira ina. M'Cipwitikizi njira zakezo zimadziwika ndi dzina lakuti Teatro do Oprimido. Ku Maputo gulu lotsata njirazi lidayamba mu 2001, motsogozedwa ndi Alvim Cossa. Lidacita masewero m'misika ndi m'masukulu, makamaka pa nkhani za umoyo.

Ku Italy, m'zaka za m'ma 1500, kudali magulu oyendayenda a sewero lodziwika kuti commedia dell'arte. Ankangolemba mutu wa nkhani ndi ndondomeko yake. Mawu ambiri ankawapeza pabwalo. Ambiri a iwo ankavala zophimba kumaso zacikopa. Pantalone adali nkhalamba yolemera koma youmira. Arlecchino adali wanchito wanjala nthawi zonse. Popeza nkhope idali yophimbika, mantha ndi dyera ankazionetsa ndi miyendo, manja ndi msana.

Ku Chicago, m'dziko la America, mayi wina dzina lake Viola Spolin ankaphunzitsa ana a anthu obwera kucokera m'maiko osiyanasiyana. Adaona kuti mwana wamanyazi amamasuka akamasewera. Adapanga timasewera tambiri tophunzitsira sewero lopanda pepala, ndipo mu 1963 adatisindikiza m'buku. Masewera a kalilole amene ali m'munsimu ndi amodzi mwa amene iye ankaphunzitsa.

Kodi anthu a mitundu yonse amawerenga nkhope mofanana? Katswiri wina wa ku America, Paul Ekman, adafufuza funso limeneli. Mu 1967 ndi 1968 adapita kumapiri a ku Papua New Guinea. Ankafotokozera anthu a kumeneko kankhani kakafupi, nawaonetsa zithunzi za nkhope kuti aloze yoyenera. Ambiri adaloza bwino, ngakhale kuti mantha ndi kudabwa ankazisokoneza. Ekman adanena kuti pali nkhope 6 zodziwika kulikonse: ya cimwemwe, ya cisoni, ya mkwiyo, ya mantha, ya kudabwa ndi ya kunyansidwa. Akatswiri ena a pambuyo pake adaonetsa kuti nkhope yokha siikwanira. Pamafunika kumva mawu, kuona thupi ndi kudziwa cimene cacitika. Misozi ya pamaliro ndi misozi ya posenda anyezi imaoneka cimodzimodzi.

9. Za sewero ndi zenizeni

Akulu adati, mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Munthu sangathe kuona m'kati mwa mnzake. Koma angathe kuphunzira kuona zizindikiro, ndipo angathe kufunsa. Mwana amene wayerekezapo munthu wacisoni amazindikira msanga mnzake akakhala khuma pakona ya kalasi. Mwana amene wakhalapo mlongo wonamiziridwa m'sewero amadziwa kuwawa kwa bodza.

Sewero limapatsanso mwana mayina a zimene akumva. Mwana wamng'ono akavutika mumtima, kawirikawiri amangolira, kumenya mnzake kapena kukana cakudya. Sadziwa kuti cimene cikumuvuta cili ndi dzina. Mwina bambo ake adapita kukagwira nchito ku Moatize kapena ku Joni, ndipo iye akupukwa. Mwina kwabadwa khanda, ndipo iye akucita nsanje. Akadziwa dzina, angathe kunena kuti, "Amayi, ndapukwa abambo." Pamenepo mayi adziwa pogwira.

Koma mwana adziwe kusiyanitsa. Misozi ya m'sewero imauma sewero likatha. Misozi yeniyeni siyenera kubisidwa. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mwana amene akuopa munthu wina, amene akumenyedwa panjira ya kusukulu, kapena amene wauzidwa kuti asunge cinsinsi comuwawa, auze munthu wamkulu amene amamukhulupirira. Auze amayi, abambo, agogo, azakhali kapena aphunzitsi. Woyamba akapanda kumva, auze waciwiri. Ku Mozambiki kulinso nambala ya telefoni yaulere yothandiza ana, 116, ya Linha Fala Criança.

Makolo nawo aziona masewero a ana awo. Mwana amatulutsa m'sewero zimene pakamwa pake pakulephera kunena. Ngati masiku onse mwana akusankha nkhani ya kumenyedwa, kapena akulira zenizeni pakati pa sewero, kholo lisamukalipire. Limutengere pambali, likhale naye pansi, limufunse mofatsa.

Nkhani zina ndi zolemera kwa akulu omwe. Agogo ambiri a ku Angónia adathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992. Sewero la mfuti lingathe kuwatonosa pacilonda. Ana a kalasi yoyamba asankhe nkhani za pakhomo, za kumunda, za kumsika ndi za nyama. Za nkhondo adzazimva kwa eni ake, pa nthawi imene eni akewo afuna kuzikamba.

10. Sewerani

Kalilole. Ana aime awiriawiri, moyang'anana. Wina ndi munthu, wina ndi kalilole. Munthu asinthe nkhope pang'onopang'ono: akondwe, adabwe, akwiye, acite cisoni. Kalilole atsatire zonse. Kenako asinthane.

Liwu limodzi. Ana akhale mozungulira. Asankhe liwu limodzi, monga "Bwera" kapena "Mvula". Aliyense alinene m'njira yake. Ena anene cimene wolankhulayo akumva.

Phukusi. Aphunzitsi amange nsalu yopanda kanthu ngati phukusi. Mwana aliyense alimasule, nasuzumire m'kati, osalankhula. Nkhope yake ionetse cimene wapeza. Kodi ndi mandasi? Kodi ndi cule? Kodi ndi kalata ya acimwene akutali? Anzake alote.

Ng'oma yasintha. Ana aziyenda pabwalo. Ng'oma ikalira kamodzi, aphunzitsi anene kuti, "Mwatola ndalama!" Ana ayende ngati otola ndalama. Ikaliranso, anene kuti, "Ngolo ya mbatatesi yagubuduka!" Kenako, "Galu wolusa ali kumbuyo!" Kenako, "Agogo afika!"

Malizani nkhani. Ana atatu ayambe sewero la mtsuko wosweka. Pakati, aphunzitsi aombe m'manja, onse aime nji. Aphunzitsi afunse oonerera kuti, "Mwanayu akumva ciani? Acite ciani tsopano?" Woyankha alowe m'bwalo, naonetse yekha.

11. Malamulo a sewero

1. Mkwiyo ndi wa sewero, koma dzanja lisafike pathupi la mnzako.
2. Osayerekeza wolumala, wacibwibwi kapena wodwala kuti anthu amuseke.
3. Osayerekeza munthu weniweni wa m'mudzi ndi dzina lake.
4. Wosafuna kulowa m'bwalo asakakamizidwe. Ayambe ndi kuomba m'manja kapena kukhala mbuzi. Tsiku lina adzalankhula.
5. Mnyamata angathe kuonetsa cisoni ndi mantha. Mtsikana angathe kuonetsa mkwiyo ndi kulimba mtima. Mtima ulibe mwamuna kapena mkazi.
6. Sewero likatha, onse agwedeze manja ndi miyendo, apatsane moni, aliyense anene dzina lake lenileni.

12. Mawu awa m'Cipwitikizi

sewero: teatro
nkhope: cara
thupi: corpo
mtima: coração
cimwemwe: alegria
cisoni: tristeza
mkwiyo: raiva
mantha: medo
kudabwa: surpresa
manyazi: vergonha
kupukwa: saudade

Aphunzitsi anene liwu la Cipwitikizi. Ana alionetse ndi nkhope, kenako alinene m'Cinyanja.

13. Lembani ndi kujambula

Malizani mawu awa:
ci_ _ni
ma_ _ _a
mkwi_ _
nkho_ _

Jambulani mizere inayi yozungulira. Muikemo maso, mphuno ndi pakamwa. Yoyamba ikhale nkhope yokondwa, yaciwiri yacisoni, yacitatu yokwiya, yacinayi yamantha.

14. Nchito ya kunyumba

Mwana apemphe agogo kapena munthu wina wamkulu kuti amukambire nthano imodzi. Ayang'anitsitse nkhope ya wokambayo, namvetsere mawu ake. Awerenge ndi zala kuti nkhopeyo yasintha kangati.

Madzulo ena banja lonse licite sewero la "Mbuzi yasowa". Abambo akhale mnyamata woweta. Mwana akhale bambo. Agogo asankhe okha cimene afuna kukhala. Sewero likatha, aliyense anene cinthu cimodzi cimene camukondweretsa tsiku limenelo, ndi cimodzi cimene camuvuta. Wamng'ono ayambe, akulu amvere mpaka amalize.

Mawa lake mwana akafotokozere anzake kusukulu mmene mbuzi ya kwawo idapezekera.